Mmene mungadzutsire njinga yamoto yaliwiro yomwe yagona zaka zambiri

Njinga yamoto yaliwiro ikakhala zaka khumi pakona, itafundidwa lona, matayala ataphwa, aliyense woiona amafulumira kunena kuti injini inafa. Kawirikawiri si choncho. Injini za masilinda anayi zomwe makampani a ku Japan ankapanga kuyambira pa Kawasaki GPZ900R ya 1984, kudzera pa Suzuki GSX-R750 ya 1985, Honda CBR600F ndi Yamaha FZR1000 za 1987, mpaka pa CBR900RR Fireblade ya 1992, n'zouma mutu pa nkhani ya kufa. Zomwe zimawonongeka njinga ikangokhala ndi labala, petulo wotsalira m'kati, ndi molumikizira mawaya. Chitsulo chimangogona tulo.

Pachifukwa chimenechi, ine pogula masipeya ndimayendera mfundo imodzi. Chachitsulo ndi chapulasitiki ndimagula chogwirapo kale ntchito. Chalabala, ndi chilichonse chomwe chimaimitsa njinga kapena kuigwiritsa pamsewu, ndimagula chatsopano. Ntchito nayo ili ndi ndondomeko yake: mapepala ndi felemu, kenako injini, kenako mabuleki ndi matayala, penti kumapeto kwenikweni. Anthu ambiri amayambira ku penti chifukwa ndi amene amaoneka, ndipo n'chifukwa chake pali njinga zambiri zonyezimira zomwe sizinalirepo.

Choyamba: mapepala ndi felemu

Musanagule sipeya ngakhale imodzi, gwadani pafupi ndi chiwongolero, muwerenge nambala yomwe inadindidwa pakhosi pa felemu, muiyerekeze ndi yomwe ili pa mapepala a njingayo. Njinga zambiri zopangidwa kuyambira 1981 zili ndi nambala ya zilembo ndi manambala 17. Zomwe zinapangidwira msika wa ku Japan wokha, monga zambiri za 400cc, nambala yake imakhala yaifupi. Mukaona kuti yapalidwa, yamenyedwanso, kapena ikusiyana ndi ya pa mapepala, isiyeni njingayo pomwepo. Mungadzavutike chaka chathunthu kukonzera mwini wake weniweni.

Mapepala akakhala bwino, vulani mapulasitiki onse, thanki ndi chishalo, felemu ionekere poyera. Njinga zamtunduwu zinkagulidwa kuti zizithamanga, ndipo zambiri zinagwapo. Pulasitiki watsopano pa njinga yakale asakunamizeni: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pansi pa khosi la felemu pali tizitsulo tiwiri toletsa chiwongolero kukhota mopitirira. Tikakhala topindika, tothyoka kapena towotcherera, njingayo inamenyeka mwamphamvu. Walitsani tochi m'mizere yonse yowotcherera, makamaka mozungulira khosi ndi pomwe swingarm (mkono wogwira tayala lakumbuyo) imamangidwa, kufunafuna ming'alu. Felemu ya aluminiyamu ikang'aluka kapena kupindika, si ntchito ya panyumba, ndipo nthawi zambiri si ntchito yoyenera kuiyamba n'komwe.

Pali kayezedwe kosafuna makina. Imikani njinga chilili, tengani chingwe chachitali, muchikulunge kumbuyo kwa tayala lakumbuyo, mbali zake ziwiri muzikokere kutsogolo zikungokhudza m'mphepete mwa tayalalo. Tayala lakutsogolo n'lopyapyala, choncho liyenera kukhala pakatikati pa zingwezo, mpata wa kumanzere wofanana ndi wa kumanja. Zikasiyana, onani kaye ngati tayala lakumbuyo lamangidwa mowongoka. Likakhala lowongoka koma mipata n'kumasiyanabe, pali china chomwe chinapindika.

Chachiwiri: buku, zida ndi malo

Pezani buku la kakonzedwe la njinga yanuyo, la chaka chake chenicheni. Manambala onse omwe ndikutchula pano ndi okuthandizani kudziwa poyambira. Buku likanena zosiyana, tsatani buku. Pezaninso zithunzi za masipeya zosonyeza nambala ya chinthu chilichonse, zomwe zimapezeka pa intaneti. Nambala imodzi imatha kupezeka pa njinga zitatu kapena zinayi za kampani yomweyo, ndiye mukaidziwa, malo osakako sipeya amachuluka.

Pa zida, njinga za ku Japan zimafuna masipanala ndi masoketi a 8, 10, 12, 14 ndi 17 mm kuposa ena onse. Onjezerani torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti), feeler gauge (timalata toyezera mipata), multimeter (choyezera magetsi), ndi choimikira njinga kuti matayala akhale m'mwamba. Koma chida chomwe ambiri sachidziwa ndi sikuludiraiva ya JIS. Masikuluwu a mtanda a pa njinga zimenezi amaoneka ngati a Phillips, pomwe ndi a muyeso wa ku Japan, ndipo ambiri ali ndi kadontho pamutu. Sikuludiraiva wamba imaterereka n'kudya mutu wa sikuluwu, makamaka pa makabuleta pomwe masikuluwu ake ndi ofewa. Ya JIS imalowa n'kugwira ndii.

Jambulani ndi foni chilichonse musanachimasule: momwe mawaya adutsira, momwe mapaipi apindira, komwe chingwe cha throttle (chogwirira chokwezera moto) chalowera. Lero mukuona ngati simungaiwale, koma pakatha miyezi inayi mudzaiwala. Mabawuti a chivundikiro chimodzi amasiyana kutalika, choncho jambulani chivundikirocho pa katoni, mubowole timabowo, bawuti iliyonse muibaye pamalo pake. Petulo wakale mutsanulire panja, kutali ndi moto.

Chachitatu: funsani injini ngati ili moyo

Musathamangire kuika batire n'kudina sitata. M'masilinda ndi mouma, ndipo mukaizunguza mwaukali ikadali choncho, mukanda makoma ake.

Tsanulani oyilo wakale m'beseni loyera mumuyang'anitsitse. Wakuda bii alibe vuto. Woyererako ndi wathovu akutanthauza kuti madzi analowa, mwina kudzera pa gasiketi ya pamutu kapena pa seal ya pampu ya madzi. Wonunkha petulo akusonyeza kuti makabuleta ankasefukira. Mukaona tizitsulo tonyezimira tochuluka, ganizani kawiri musanapitirize. Ikani filita yatsopano ndi oyilo wa njinga zamoto, nthawi zambiri 10W-40, wolembedwa JASO MA kapena MA2. Kilatchi ya njinga zimenezi imasambira mu oyilo yemweyo wa injini, ndipo oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala ochepetsa kukhulana omwe amaichititsa kuterereka.

Uzirani fumbi m'maenje a mapulagi musanawamasule, kuti lisagwere m'kati. Mukawachotsa, thirani oyilo pang'ono mu silinda iliyonse, musiye usiku wonse. M'mawa zunguzani injini ndi dzanja, kaya ndi sipanala pa bawuti ya crankshaft kuseri kwa kachivundikiro kam'mbali, kaya poika giya yomaliza n'kumazunguza tayala lakumbuyo. Iyenera kuzungulira mosalala. Ikakana, musaikakamize ndi chitsulo chachitali. Onjezerani mafuta omasulira dzimbiri mudikire masiku angapo.

Ikamazungulira, lumikizani batire labwino, chotsani mawaya ang'onoang'ono olowa ku makoyilo kuti pasakhale moto, ndipo zunguzani ndi sitata mapulagi ali kunja mpaka nyali ya oyilo itazima. Apa mpamene muyeze compression (mphamvu yomwe silinda imapanikizira mpweya), throttle ili yotsegula yonse. Chofunika kwambiri si kukula kwa nambala koma kufanana kwake: masilinda onse asasiyane kupitirira 10 peresenti. Imodzi ikatsika, thiranimo oyilo pang'ono muyezenso. Ikakwera, vuto lili pa maring'i a pisitoni. Ikapanda kusintha, kayang'aneni mavalavu. Ndipo musataye mtima ndi manambala otsika pa injini yomwe yagona nthawi yaitali, chifukwa maring'i omatirira amatha kumasuka injini ikatenthako kangapo.

Chachinayi: thanki ndi makabuleta

Apa mpomwe pagona ntchito yeniyeni. Njinga zaliwiro zambiri zinkayendera makabuleta mpaka cha m'ma 2000. CBR600F inasinthira ku fuel injection (kupopera petulo mu injini popanda kabuleta) mu 2001, Yamaha R1 mu 2002. Petulo akauma m'kabuleta amasiya utomoni wobiriwira kapena wofiirira womwe umatseka timabowo tochepa ngati tsitsi. Petulo wosakaniza ndi ethanol amawonjezera vuto lina, chifukwa amakoka chinyontho, ndiye pansi pa thanki pamachita dzimbiri.

Yambani ndi thanki, popeza kutsuka makabuleta thanki ili ndi dzimbiri n'kungodzivuta. Chotsani mpopi wa petulo ndi choyezera mafuta, tsekani mabowo, ponyanimo manati owerengeka mukhutchumule kuti dzimbiri lokhuthala ligwe. Awerengeni polowetsa, muwawerengenso potulutsa. Kenako dzazani viniga woyera kapena madzi osungunuliramo citric acid, musiye tsiku limodzi kapena awiri, mutsanule, mutsukuluze ndi madzi a soda, muumitse mwachangu. Chitsulo chotsukidwa kumene chimachita dzimbiri pa maola ochepa, choncho thiranimo petulo kapena oyilo pang'ono tsiku lomwelo. Mapaipi onse a petulo ikani atsopano. Mpopi wa njinga zambiri umatseguka ndi mpweya womwe injini imakoka, ndipo m'kati mwake muli kalabala komwe kamauma, kasintheni.

Makabuleta anayi amachoka pamodzi ngati mtolo. Malabala owalumikiza ku injini amakhala atauma gwa, choncho afunditseni ndi mpweya wotentha kuti afewe musanayambe kukoka. Akakhala ndi ming'alu gulani atsopano, chifukwa mpweya wolowera pamng'alu umasokoneza kaliridwe ka injini moti mukhoza kutha mwezi mukusakasaka vuto pamalo olakwika. Mtolowo musaupatule pokhapokha ngati timapaipi ta pakati pa makabuleta tikudontha.

Konzani mbale zinayi, zolemba 1 mpaka 4, ndipo zinthu za kabuleta imodzi zisasakanikirane ndi za inzake. Pa njinga zina majeti (timabawuti tamkuwa tokhala ndi kabowo kodutsa petulo) a masilinda awiri apakati amasiyana kukula ndi a m'mphepete. Tsegulani chivundikiro chapamwamba, mutulutse sipuling'i ndi slide yomwe ili ndi kalabala kopyapyala konga chipewa, kotchedwa diaphragm. Kaunikeni padzuwa mukukakoka pang'ono. Kabowo kakang'ono ngati ka singano n'kokwanira kulanda njinga mphamvu. Mankhwala otsukira kabuleta asakhudze kalabala kameneka chifukwa kamafufuma n'kupindika.

Tembenuzani, mutsegule timbale tapansi. Mupezamo float (choyandama pa petulo), kasingano kake kotsekera petulo, main jet ndi pilot jet. Pilot jet ndi yomwe imadyetsa injini ikamalira payokha, ndipo ndi yomwe imayamba kutsekeka. Njinga yolira pokhapokha choke (chothandizira kuliza injini yozizira) ili yokoka, n'kuzima mukangoibweza, ikukuuzani za jeti imeneyi. Viikani majeti m'mankhwala, muwauzire ndi mpweya, muone kuwala kukudutsa. Musawatokose ndi waya wachitsulo. Ndi amkuwa, ndipo bowo likakula ngakhale pang'ono, muyeso wathawa. Pilot jet yokanika gulani ina ya nambala yomweyo, makamaka ya kampani yomwe inapanga kabuletayo, kaya ndi Keihin kaya Mikuni. Majeti obwera m'timapaketi totchipa amatha kulembedwa nambala yolondola bowo lili losiyana, ndiye ine m'timapaketi totere ndimangotengamo magasiketi ndi ma O-ring, majeti n'kubwezeramo akale otsuka.

Sikuluwu ya pilot ili ndi mwambo wake. Musanaimasule, imangeni pang'onopang'ono mukuwerenga kuti yazungulira kangati mpaka itangogunda, osakanikiza, mulembe nambalayo. Nthawi zambiri imakhala pakati pa kawiri ndi katatu. Potuluka imabwera ndi kasipuling'i, kawashala ndi ka O-ring, koma tiwiri tomalizati timakonda kutsalira m'bowo. Ine ndinauzirapo mpweya ndisanayang'ane, kawashala n'kuuluka, ndipo ndinatha madzulo onse ndikukwawa pansi ndi maginito. Titulutseni kaye ndi kawaya kopinda.

Uzirani njira zonse za m'thupi la kabuleta mpaka mankhwala azitulukira mbali ina. Yezani kutalika kwa float monga mwa buku. Mukamanga, lumikizani botolo la petulo makabuleta akadali pa tebulo, mudikire theka la ola. Ndi bwino adonthere pamenepo kusiyana n'kudonthera pa injini yotentha.

Bokosi la mpweya libwezereni momwe linalili, ndi filita yatsopano. Kulichotsa n'kuika timafilita tinayi toonekera kumakongola pa chithunzi, koma makabuleta a diaphragm anapangidwa kuti azikoka mpweya wodekha wa m'bokosi, ndipo popanda ilo njinga imatsamwa pakatikati pa liwiro.

Chachisanu: mipata ya mavalavu

Makabuleta akadali kunja, malo alipo, yezani mavalavu. Injini ikhale yozizira kwenikweni. Mpata umakhala pakati pa 0.10 ndi 0.20 mm ku mavalavu olowetsa, ndi 0.20 mpaka 0.30 mm ku otulutsa utsi, malinga ndi njinga. Pa injini zimenezi mpata umachepa m'malo mokula, ndiye injini yachete si umboni woti zili bwino. Valavu yopanda mpata sitsekeka bwino, imavutitsa poliza, ndipo mapeto ake imapsa.

Eni GPZ900R ndi GSX-R750 zoyambirira ali ndi mwayi, chifukwa amangosintha ndi sikuluwu ndi nati. Zina zambiri zimafuna kuchotsa ma camshaft (zitsulo zozungulira zomwe zimatsegula mavalavu) n'kusintha mashimu, timabatani tachitsulo tokhala pansi pa tizikho. Mavalavu amakhala 16, ndipo pa FZR1000 alipo 20 popeza silinda iliyonse ili ndi asanu. Lembani tebulo la onse. Masamu ake ndi awa: shimu yakale, kuphatikiza mpata womwe mwayeza, kuchotsera mpata womwe mukufuna. Mwachitsanzo, shimu ndi 1.90, mwayeza 0.10, mukufuna 0.16, yankho ndi 1.84, ndiye muika ya 1.85. Musanagule, onani ngati mashimu ena angangosinthana malo. Tsekani ndi nsalu dzenje lomwe mumadutsa tcheni cha camshaft, chifukwa shimu ikagweramo mudzalira. Mukamanga, onetsetsani kuti zizindikiro za timing zagwirizana, ndipo zunguzani injini ndi dzanja kawiri kathunthu musanayandikire sitata.

Chachisanu ndi chimodzi: magetsi ndi madzi

Batire lakale musalimbane nalo. Latsopano lodzaza limaonetsa mavolti pafupifupi 12.6. Masulani polumikizira mawaya paliponse, mupale zobiriwira, mupake girisi wa magetsi, osaiwala waya wokhuthala wochokera ku batire kupita ku felemu kapena ku injini. Njinga ikangoti zii mutadina sitata, musanaweruze sitatayo, onani fyuzi yaikulu, switch yofiira yozimitsira, ya pa kilatchi ndi ya pa mwendo woimikira.

Chofooka chodziwika pa njinga zambiri za zaka zimenezo ndi regulator rectifier, kachipangizo kolinganiza magetsi opita ku batire. Pezani pomwe mawaya atatu ochokera ku stator (chopangira magetsi cha m'injini), omwe nthawi zambiri amakhala achikasu, amalumikizana nayo. Pulasitiki wake akakhala wopserera kapena wosungunuka, dulani muike cholumikizira china. Ndi multimeter, yezani mawaya atatuwo awiriawiri. Manambala akhale ofanana, osafika ohm imodzi, ndipo pasakhale waya wolumikizana ndi thupi la injini. Injini ikadzalira, batire lizionetsa mavolti apakati pa 13.5 ndi 14.5 pa 5,000 rpm. Kupitirira 15 ndiye kuti batire likuphikidwa.

Ku madzi, sinthani mapaipi ofufuma kapena ouma, tsukuluzani rediyeta, thirani coolant wosakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera opanda mchere (distilled water). Pansi pa pampu ya madzi pali kabowo. Kakamadontha, seal yam'kati yatha. GSX-R zoyambirira zilibe zonsezi chifukwa zimazizira ndi oyilo ndi mpweya, koma yang'anani mapaipi opita ku choziziritsira oyilo.

Tsopano ikani mapulagi atsopano. Alowetseni ndi zala kaye, ndipo pomanga musapitirire muyeso. A 10 mm amafuna pafupifupi 12 Nm basi pa torque wrench, ndipo mazinga a mutu wa aluminiyamu sachedwa kudyeka. Tulutsani njinga panja, chozimitsira moto chili pafupi, kokani choke, dinani. Itsokomola, itulutsa utsi wa oyilo munathira uja, kenako igwira. Musaikwezere moto. Donthezani timadzi pa mapaipi anayi a ekizosi pafupi ndi injini: paipi yomwe madzi sakuphwerapo msanga ndi ya silinda yomwe sikuyaka. Isiyeni itenthe mpaka fani italira, kuti mutsimikize kuti imagwira ntchito. Ikatentha, linganizani makabuleta ndi ma vacuum gauge (zoyezera kakokedwe ka mpweya) kuti onse anayi azikoka mofanana. Phokoso la gwedegwede lomwe mumaliyesa la kilatchi nthawi zambiri limathera pomwepa.

Mtima ukuuzani kuti mukwere mungozungulirako pang'ono. Musaumvere.

Chachisanu ndi chiwiri: mabuleki

Njinga ya 600cc ya m'ma 1990 imapitirira 200 km pa ola, ndipo mabuleki ake akhala zaka khumi akumwa chinyontho. Mafuta a mabuleki a DOT 4 amakoka madzi a mumpweya, n'chifukwa chake amayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Madziwo amadya mapisitoni, ndipo mabuleki akatentha amawira, chogwirira n'kungofika pa chiwongolero popanda kugwira kanthu.

Musanamasule mapaipi, chotsani mapadi n'kupopa chogwirira kuti mapisitoni a caliper (chopanira disiki ya buleki) atuluke okha, mutaika kathabwa pakati kuti onse atuluke mofanana. Mukayamba ndi kumasula paipi, mudzasowa chowakankhira, ndipo kuwakoka ndi pulayala kumawakanda. Chotsani ma seal, mupale bwinobwino m'ngalande momwe amakhala. Mumapezeka zoyera ngati phulusa louma zomwe zimakankha seal kuti ifinye pisitoni, ndipo n'zomwe zimachititsa mabuleki kugwira osabwerera. Pisitoni yokhala ndi timaenje ta dzimbiri itayeni. Ma seal atsopano apakeni mafuta a mabuleki kapena girisi wofiira wa labala. Petulo, oyilo ndi girisi wamba zimawafufumitsa.

Master cylinder, pampu ya pa chogwirira cha buleki, nayo iikeni zam'kati zatsopano. Pansi pa kathanki kake pali mabowo awiri, lina laling'ono kwambiri lobwezera mafuta. Likatsekeka, mabuleki amanka namangika okha pamene akutentha, mpaka tayala kuima muli pa liwiro. Mapaipi a labala a zaka makumi awiri achotseni, muike atsopano, ndipo olukidwa ndi waya ndi abwino koposa. Mawashala amkuwa a pa mabawuti a mapaipi sabwerezedwa. Pa disiki panalembedwa muyeso wotsiriza wa kukhuthala kwake. Yezani pakati pomwe mapadi amadya, osati m'mphepete. DOT 5 ndi wa silicone ndipo sasakanizidwa ndi DOT 4, ngakhale dzina likuoneka loyandikana.

Mafuta amenewa amadya penti. Pa njinga yanga yoyamba ndinayamba ndi kupenta thanki, n'kuibwezera pamalo pake kuti ndizisirira, ndipo tsiku lotulutsa mpweya m'mabuleki dontho limodzi linagwerapo osaliona. Pofika m'mawa penti anali atatukusira ngati chithuza.

Chachisanu ndi chitatu: mafoloko, mabering'i, tcheni ndi matayala

Tayala lakutsogolo lili m'mwamba, tembenuzani chiwongolero pang'onopang'ono. Chikamakodwa pakatikati, mabering'i a pakhosi atha. Gwedezani swingarm cham'mbali, mumasule timikono tolumikiza shock yakumbuyo, chifukwa mabering'i ake ang'onoang'ono amakhala ouma ndi adzimbiri pafupifupi pa njinga iliyonse yakale. A m'matayala ali ndi nambala yodindidwa pambali, ndipo nambala imeneyo ndi ya muyeso wa dziko lonse, moti simufunika kuwafuna m'dzina la njinga.

Pa mafoloko, yendetsani chikhadabo pa chitsulo chonyezimira pomwe seal imadutsa. Chikakodwa pa kadzenje ka dzimbiri, seal yatsopano idzang'ambika pa masabata ochepa. Timadontho tating'ono mukhoza kutisalaza ndi sandipepa yosalala kwambiri yonyowetsa ndi oyilo. Maenje akuya amafuna foloko ina. Masulani pang'ono chitsekero chapamwamba foloko ikadali yogwidwa ndi chomangira chapansi, mutamasula kaye chapamwamba, ndipo bawuti ya pansi pa foloko muimasule pang'ono sipuling'i ikadali yopanikiza. Oyilo amayezedwa sipuling'i ili kunja, foloko itafinyidwa mpaka pansi, ndipo mbali zonse ziwiri zifanane. Shock yakumbuyo ili ndi mpweya wa nitrogen wopanikizidwa kwambiri, musaitsegule panyumba. Yogwirapo ntchito ya zaka zofanana ndi yanu ndi yotopa chimodzimodzi, choncho ipititseni kwa odziwa kapena mugule yatsopano.

Tcheni ndi masipuloketi awiri zimasinthidwa pamodzi. Masulani nati ya sipuloketi yakutsogolo tcheni chakale chisanadulidwe, wina ataponda buleki yakumbuyo. Onani ngati muyeso wa tcheni chanu ndi 520, 525 kapena 530, ndipo polumikiza gwiritsani ntchito cholumikizira chokhomerera, osati cha kapini kongokoleka.

Matayala ali ndi tsiku lobadwa. Pambali pake, kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT, pali manambala anayi: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Akakhala atatu okha, tayalalo linapangidwa 2000 isanafike. Mapanga akhoza kuoneka atsopano, koma labala wouma sagwira msewu, makamaka wonyowa. Sinthani onse awiri pamodzi ndi mavalavu ake. Dziwiranitu kuti Fireblade zoyambirira zili ndi tayala lakutsogolo la mainchesi 16, GSX-R750 zoyambirira 18, pomwe matayala ambiri a masiku ano ndi a 17, ndiye yambani kusaka msanga.

Pogula zogwirapo ntchito

Zivundikiro za injini, zopondapo, marimu, rediyeta, nyali, thanki ndi mapulasitiki, zonsezi zakale zapachiyambi nthawi zambiri zimakwana bwino kuposa zatsopano zongotengera. Funsani nambala ya sipeya ndi chaka cha njinga yomwe yachokerako, chifukwa dzina limodzi limabisa mibadwo ingapo: CBR600F ya 1990 ndi ya 1991 ndi njinga ziwiri zosiyana. Rimu muizunguze pa ekiselo muone ngati ikuvina. Chamagetsi musachilipire musanachiyese. Mukapeza njinga yathunthu ya mtundu wanu yomwe inawonongeka mbali ina, kuigula yonse kumaposa kutolera chimodzichimodzi, ndipo imakupatsaninso timabawuti ndi tizomangira tomwe palibe amene amagulitsa patokha. Chakale chomwe mwachotsa musachitaye mpaka chatsopano chitalowa n'kugwira ntchito.

Pomaliza: mapulasitiki, penti ndi ulendo woyamba

Mapulasitiki ambiri ophimba njinga zimenezi ndi a ABS, ndipo ena analembedwa kuseri. Bowolani kabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, mukumbe kangalande kuseri, muwotcherere ndi zidutswa za pulasitiki wa mtundu womwewo, kapena musungunule zidutswa za ABS mu acetone zikhale phala lomatira. Fibreglass sigwirana bwino ndi ABS, imadzamatuka. Yesani kumanga mapulasitiki onse pa njinga musanapente. Penti wa m'zitini wamba amasungunuka petulo akamudonthera, ndiye thanki imafuna wokutira wa 2K, wosakaniza ndi mankhwala omuumitsa; ameneyu ndi woopsa ku mapapo, ndipo popanda chophimba kumaso choyenera ndi bwino kupereka ntchitoyo kwa opopera penti.

Musanatuluke, dutsani bawuti iliyonse ya ma caliper, maekiselo, mafoloko ndi injini ndi torque wrench, iliyonse yomwe mwamanga muiike kadontho ka penti. Popani matayala monga mwa buku. Njinga zambiri zotere zimafuna 2.5 bar kutsogolo ndi 2.9 kumbuyo. Tembenuzani chiwongolero mbali zonse injini ikulira, mumve ngati moto ukukwera wokha, chomwe chimasonyeza kuti chingwe cha throttle chadutsa polakwika. Valani chipewa ndi zodzitetezera zonse ngakhale mukungopita pafupi.

Ulendo woyamba ukhale wa makilomita asanu, pamsewu wopanda magalimoto ambiri. Imani, muyandikize dzanja pa madisiki. Imodzi ikatentha kwambiri kuposa inzake, caliper yake ikugwirabe. Suzumirani pansi ngati pali chodontha. Matayala atsopano amaterera pa makilomita 150 oyambirira, ndipo mapadi nawo amafuna nthawi kuti akhazikike, choncho musapendeke kwambiri pokhota. Mukakwanitsa makilomita 500, tsanulani oyilo akadali wotentha, musinthe filita, mutsegule filita ya petulo muone ngati thanki ikutulutsabe dzimbiri, ndipo muyezenso tcheni, chifukwa chatsopano chimayamba chatamuka.